Chamba cha ku Nangongwe

Nkhani inatuluka pa wailesi masana, nthawi imene msika wa Kafue umakhala utatopa, ogula atachepa, ogulitsa akungoingitsa ntchentche. Yande anali pa tebulo lake la salaula, zovala zakale zochokera kunja, akupinda masiketi pamene muulutsi anati Loweruka ku Lusaka kukhala chikondwerero cha nyimbo za chemba. Anati kudzakhala oimba mavayolini ochokera kunja, mayi wina wa piyano, ndiponso gulu la anthu anayi ochokera ku Kafue. Anawatchula mayina onse, lake lomwe. Siketi inagwa m'fumbi, mwini wake osaiona.

Chemba ndi mawu achizungu, kutanthauza chipinda. Ndi nyimbo zoimba anthu ochepa atayang'anana, popanda ng'oma, popanda masipika, popanda woima kutsogolo kumagwedeza kamtengo. Yande ankadziwa zimenezi chifukwa Ba Gwendolyn, mphunzitsi wa nyimbo wa ku Lusaka amene anawamva akuliza pa maliro ena n'kuwaitana, anali atamufotokozera. Koma msika ndani anaufotokozera? Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mawu aja pochoka m'wailesi anali chemba, pofika pa mzere wa tinsomba ta kapenta anali atasanduka chamba.

"Ba Yande," anaitana Ba Winfrida a tomato, manja ali m'chiuno, "ati muyenda ku Lusaka ku phwando ya chamba? Imwe ba Pente?"

"Chemba, Ba Winfrida. Che-mba."

"Iyee! Ya ku toileti?"

Mzere wonse unagwa nako kuseka. Yande anaseka nawo, poti zinali zoseketsadi. Akanadziwa kumene mawuwo akupita, mano akanawabisa.

Anthu anayiwo anali a pa fakitale ya nsalu, masiku amene fakitale inali ndi bandi yake. Boma latsopano litatsegula zipata, salaula inalowa m'dziko ndi mabelo, nsalu ya kuno inasowa woigula, ndipo antchito anayamba kupulunidwa. Mawu ake anali amenewo, kupuluna, ngati kuti anthu ndi nthambi za mango. Bandi inabalalika n'kutsala anayi. Yande, amene kale ankaomba nsalu, ankaliza kalarineti. Chimuka, amene tsopano ankapalasa njinga kukatenga nsomba ku Chanyanya, anali wa lipenga. Bright wa chitoliro anali atakhala kondakitala wa minibasi. Wachinayi anali Ba Evaristo, nkhalamba ya ku Katete, imene inkakumbatira chilipenga chachikulu cha mawu apansi. Iwowa ndiwo anaphunzitsa ena onsewo, ndipo ndiwo anapeka nyimbo yaitali imene ankafuna kukaimba ku Lusaka, yotchedwa Shifiti Yomaliza. Ba Evaristo salaula ankadana nayo koopsa. Akafuna Yande pamsika ankaima pa mzere wa makala n'kumukodola ndi dzanja.

Chimene chinkamudya Yande n'chakuti Ba Evaristo anali atauzidwa kuti atuluke m'nyumba ya kampani. Lolemba lotsatira chikondwererocho lole inali kudzawanyamula kubwerera ku Katete, ndi mbuzi zawo ziwiri. Nyimbo ija sinali itamvekapo kwa anthu, kupatula nkhuku za ku Nangongwe, komboni imene nkhalambayo inkakhala. Likadutsa Loweruka limenelo, ndiye kuti yafera m'chipinda.

Vuto linali lakuti zida sizinali zawo, ankachita kubwereka. Pamene katundu wa bandi ankagulitsidwa, mpingo wa Yande unagula masipika ndi kiyibodi, malipenga n'kubwera nawo pamodzi ngati mbasela. Ankakhala m'kabati ya kutchalitchi, ndipo kiyi ankasunga Ba Titus, mkulu wa mpingo, amene kale anali kapitawo wa mzere wa Yande ku fakitale. Ba Titus anali munthu woongoka ngati njanji. Akati iyayi, ungagwade mpaka maondo atachita zikang'a.

Lachitatu, mapemphero a masana atatha, komiti inaitana Yande. Inaitananso Ba Evaristo, ngakhale anali Mkatolika, poti ndiwo anali wamkulu wa gululo. Abusa anakhala pakati, Ba Titus kumanja, amayi awiri a komiti kumanzere, nkhope zili ndwii.

Apa ndiye panaonongekera zinthu. Makina oombera nsalu anali atadya makutu a Ba Evaristo, moti ankangotola mawu amodzi pa khumi. Komanso kwawo ku Katete, chamba si fodya wamkulu yekha ayi. Chamba ndi mtundu wa gule kapena wa nyimbo. Chimtali ndi chamba, chitelele ndi chamba. Koma ana obadwira m'tauni amadziwa chamba chimodzi chokha, chimene apolisi amamangira.

"Ba Evaristo," anatero abusa mokweza, "kambani zoona pamaso pa Mulungu. Ivi vamene muchita na bana aba, ni chamba?"

Nkhope ya nkhalamba inawala. Potsiriza munthu wafunsa za luso lawo!

"Eya, abusa! Chamba ndithu, ndipo chamba chabwino zedi. Ine ndinachiyamba ndili mnyamata, ku mishoni. Ana awa ndinawaphunzitsa ndine."

"Ba Evaristo, simunamvele!" anafuula Yande, koma abusa anakweza dzanja.

"Muchitila kuti?"

"Kwanga, m'chipinda. Timatseka chitseko ndi mazenera kuti aneba asadandaule. Chinsinsi chake, abusa, n'kukoka. Ukoke mpaka kufika kumimba kuno, usunge pang'ono, kenaka utulutse mofatsa. Mwana uyu Yande ndiye katswiri. Amakoka kuposa amuna!"

"Mwazi wa Yesu!" anakuwa mmodzi wa amayi aja, atagwira kumutu.

Yande anafotokoza, abale, anafotokoza mpaka malovu kuuma. Ananena za chipinda, za Ba Gwendolyn, za Chinyanja cha kum'mawa. Koma unene chiyani pamene mkulu wavomera yekha, akumwetulira? Chigamulo chinatuluka: Yande ayambe wapuma kukwaya, ndipo zida zisachoke m'manja mwa Ba Titus kufikira komiti itasala ndi kupemphera. Komiti imeneyo ikati isale, inkasala mwezi.

Panjira Ba Evaristo anali osangalala. "Abusa ako amakonda nyimbo," anatero. "Waona mmene amafunsira?"

Yande anawayang'ana, misozi ili m'maso. Anafuna kuwakalipira koma sanathe. Anaika pakamwa pa khutu lawo nawauza zimene zachitika. Nkhalamba inaima chilili pakati pa msewu, kenaka inavula chipewa n'kuyamba kuchipotokola.

"Ndaononga, mwana wanga. Basi, tisiye. Mwina sizinalembedwe."

"Awe," anatero Yande. "Mailo tichita pulakatisi."

"Wati chiyani?"

"Mawa tiimba!"

Mawa lake anafika ku Nangongwe ndi thumba. Chimuka anali atatsamiritsa njinga pakhoma, Bright atathawa minibasi masana. Onse anali atamva kale, poti Kafue yense anali atamva.

"Manje tizaliza na chani?" anafunsa Chimuka. "Na mphuno?"

Yande anakhuthula thumba. Iye anatenga mthiko. Bright anamupatsa pampu ya njinga kuti aigwire chopingasa ngati chitoliro. Chimuka anamupatsa tochi yakufa. Ba Evaristo anawakumbatiritsa chigubu cha madzi. Bright anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma ataona nkhope ya Yande anasiya.

"Nyimbo ili mu zala na mu chifuba," anatero Yande. "Vamene vili mu kabati ni nsimbi chabe. Nkhalani."

Anakhala moyang'anana monga mwa nthawi zonse. Tsono mudziwe kuti gulu ili linali ndi kayambidwe kake. Mu shedi ya fakitale munali phokoso loti munthu sankamva ngakhale kutsokomola kwake, choncho anthu ankalankhulana ndi maso, chibwano ndi mapewa. Magetsi akathima n'kubweranso, kapitawo ankaima kumutu kwa mzere n'kukweza phewa, ndipo likamatsika onse ankayatsa makina pamodzi. Chizolowezi chimenecho anabwera nacho m'nyimbo. Yande akakoka mpweya phewa lake lamanja linkakwera, likamatsika onse ankalowa. Kwa Ba Evaristo phewa limenelo ndilo linali khutu lawo. Anzawo sankawamva, koma sanachedwepo ndi kamodzi komwe.

Anaimba nyimbo yonse popanda liwu, zala zikuyenda pa mthiko ndi pa pampu, zifuwa zikukwera ndi kutsika pamodzi. M'chipindamo munkangomveka mpweya ndi mbuzi zakuseri.

Yande sanali wopusa. Lachisanu m'mawa anapita kwa Ba Winfrida kukagula tomato amene sankamufuna, nawanong'oneza kuti: "Musauze munthu. Lelo masana tizachita futi, kwa Ba Evaristo." Pakamwa pamene panaononga nkhani, pomwepo paikonze. Atafika ku Nangongwe anatseka chitseko monga mwa masiku onse, koma katani ya zenera lakuseri anaisiya yotsegula pang'ono.

Ali pakati pa gawo loyamba, anaona mthunzi pa zenera, ndi dazi lonyezimira pamwamba pa dimba la kalembula, ndiwo za masamba a mbatata. Zala zake sizinaime. Ankadziwa chimene munthu wa pazenerayo akuona: akuluakulu anayi, atadzitsekera, zinthu zili pakamwa, akukoka mpweya maso ali psuu.

Chitseko chinatseguka ndi phazi.

"Nakugwilani!" anabangula Ba Titus, Baibulo lili m'khwapa.

Anayamba kununkhiza uku ndi uku. Utsi panalibe. Chimene chinkanunkha ndi buluku la Chimuka, la nsomba za ku Chanyanya. Bright anafuna kuimirira, koma Yande anamuthyolera diso loti ukangoyerekeza. Gawo loyamba linatha. Yande anadikira, nayang'ana anzake mmodzimmodzi, nakweza phewa. Litatsika, zala zonse zinayamba pamodzi, nkhalamba ikufinya chigubu chake ngati mwana wodwala.

Ba Titus anatsala ataima pakhomo. Yande ankawaonera m'mbali mwa diso. Anaona pakamwa pawo pakutsekeka, Baibulo likutsika kuchoka m'khwapa kufika m'manja. Sanakhale pansi, sanatulukenso, mpaka nyimbo yonse inatha.

"Ija phewa," anatero potsiriza, mawu atasasa. "Ija ni yanga. Ya mu shedi."

"Ni yanu, Ba Titus. Ndimwe munatiphunzisa."

Anayang'ana mthiko, pampu, tochi ndi chigubu. Anapukuta dazi ndi mpango ngakhale kunalibe thukuta.

"Komiti inakamba kuti visachoke mu manja yanga," anatero. "Ine siniphwanya lamulo ya mpingo."

Anatembenuka n'kumapita, akuponda kalembula wa eni ake.

Chimuka anaponya tochi pampando. "Mwaona? Njanji sipindika."

"Mailo kuseni pa siteshoni," anatero Yande. "Bonse, na vovala vabwino."

"Kukachita chani?"

"Olo na mthiko nizaimilila pa siteji. Ba Gwendolyn banatiitana ise, sibanaitane kabati."

Ananena molimba, koma kunena zoona mantha anali atamugwira.

M'mawa anavala bulauzi yake ya masiku aakulu, yosokedwa ndi nsalu yomaliza imene inatuluka pa makina ake. Inali itasuluka, ndipo pa phewa panali chigamba cha nsalu ina. Ku Lusaka, pamaso pa azungu ndi mabwana, ndi chigamba? Iyayi. Anatulutsa jekete imene anaibisa atatsegula belo lapitalo, yofiirira, ya mabatani agolide, mapewa ake otukuka ndi thonje monga inalili fashoni ya masiku amenewo. Atadziyang'ana pa kagalasi anaoneka ngati mlembi wa ku banki, ndipo anakondwa.

Pa siteshoni Ba Evaristo anaiyang'ana jeketeyo kuchokera kumwamba mpaka pansi. Minibasi ya Bright inali ikudzaza. Dalaivala analiza hutala, n'kulizanso. Yande anaima pakhomo pa galimoto, phazi limodzi m'kati lina panja, kuti isanyamuke.

Kenaka anamva kulira kwa wilibala yosathira mafuta. Ba Titus ankabwera cha ku msika, atavala suti yawo ya ukwati, akukankha makesi anayi akuda.

"Musaniyangane," anatero atafika, akupuma mwawefuwefu. "Banakamba ati visachoke mu manja yanga. Manja yanga ni aya. Yayenda ku Lusaka."

Anakana kuti makesi aikidwe kumbuyo. Ulendo wonse anawasenza pamiyendo, chilipenga cha Ba Evaristo chitawatseka nkhope, moti pa mapiri a ku Shimabala ankangomveka mawu akupemphera kuseri kwa katundu. Yande anafuna kuwathokoza, koma anadziwa kuti akatsegula pakamwa alira. Ankadziwanso kuti mawa lake Ba Titus akaima pamaso pa komiti okha.

Holo inali yaing'ono, ya mipando yofewa, yonunkhira polishi. Ba Gwendolyn anawalandira ndi manja awiri nawauza kuti aimba akatha a mavayolini. Kuseri kwa siteji Ba Titus anatsegula makesi okha, napereka chida chilichonse kwa mwini wake, makesiwo n'kuwakumbatiranso.

"Makesi nili nayo," anatero. "Vinangu Mulungu azaweluza."

Anakakhala mpando wakutsogolo, pakati pa mzungu wa ndevu ndi mayi wa mikanda, makesi opanda kanthu ataunjikana pamiyendo.

Nthawi yawo inakwana. Anthu anaomba m'manja mwaulemu, kenaka kunagwa bata loti ku Kafue sulipeza ngakhale pa maliro. Anayiwo anakhala moyang'anana. Yande ananyowetsa bango la kalarineti, nayang'ana Bright, Chimuka, Ba Evaristo. Anakoka mpweya.

Atatu analowa. Mawu apansi panalibe.

Nyimbo inayenda pang'ono ili yopanda miyendo, kenaka inagwa. Bright anatsitsa chitoliro. Wina anatsokomola kumbuyo. Yande anayesanso, nakoka mpweya kwambiri kuposa poyamba. Ba Evaristo anali atamutong'olera maso, milomo ili pa lipenga, akudikira ndithu, osaliza.

Kenaka nkhalamba inachotsa lipenga pakamwa. Munthu wosamva sadziwa kunong'ona, choncho holo yonse inamva.

"Mwana wanga, phewa lako sindikuliona. Chovala cha akufachi chakubisa."

Ena amene ankamva Chinyanja anaseka chamumtima. Yande anayang'ana pa phewa lake. Zoonadi, thonje lija linali litaima nji, ngakhale akoke mpweya wotani silikanasuntha. Anaganiza za chigamba. Anaganiza za mayi wa mikanda uja, za mtolankhani amene anali pambali ndi kamera, za Ba Winfrida akuona chithunzi m'nyuzipepala yokulungira tomato. Manyazi anamugwira, osati pang'ono. Koma anaganizanso za lole ya Lolemba.

Anagoneka kalarineti pamiyendo. Anamasula mabatani agolide aja limodzilimodzi, anthu onse akuyang'ana, navula jekete n'kuiika pansi pa mpando. Anatsala ndi bulauzi yosuluka, chigamba chili poyera pansi pa magetsi a siteji.

Ba Evaristo anaiyang'ana nsaluyo. Anaidziwa. Maluwa ake anali a chaka chomaliza, ndipo ndi iwo amene anasakaniza utoto wake.

"Eya," anatero, mokwezabe. "Ameneyo ndiye Yande."

Anabwezera milomo pa lipenga. Yande sanayang'anenso anthu. Anayang'ana nkhalamba imene mkuja idzakhala pamwamba pa lole ndi mbuzi zake, nakoka mpweya mpaka kumimba, monga anamuphunzitsira. Chigamba chinakwera.

Pa mpando wakutsogolo, kuseri kwa makesi opanda kanthu, phewa la Ba Titus linakwera nalonso, ndipo pamene linkatsika, onse anayi analowa pamodzi.